Nyambo ya Shuga ndi Mbedza ya Kuwala: Mmene Asayansi Amagwirira Mapuloteni Obweretsa Matenda

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya sayansi ndi umoyo. Moni wapadera apite kwa omvera a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pamodzi ndi anansi awo a ku Zingwangwa, Chimwankhunda ndi Manje, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza matenda awiri amene anthu a m'madera amenewa amawadziwa osachita kuuzidwa: kolera ndi malungo.

Funso la lero nali. Kachirombo kakalowa m'thupi la munthu, kamadziwa bwanji pogwira? Maso kalibe, mphuno kalibe. Komatu poizoni wa kolera saphonya, amakamata m'matumbo. Magazi amene mwalowa tizirombo ta malungo saphonyanso, amakakanirira mu nsengwa ya mayi woyembekezera. Asayansi anapeza kuti kawirikawiri chinsinsi chake ndi chimodzi. Tizirombo tili ndi mapuloteni amene amagwira shuga wokhala kunja kwa maselo a munthu. Puloteni ikagwira shuga, matenda apeza polowera.

Choncho amene akufuna kutseka khomo limeneli ayenera kudziwa kaye kuti ndi puloteni iti imene ikugwira shuga uti. Mfundo ya lero yagona pamenepa, ndipo muimva kangapo: kuti matenda atsekeredwe njira, puloteni yogwira shuga iyenera kugwidwa ndi kudziwika dzina.

Pulogalamuyi iyamba ndi kufotokoza shuga ameneyu. Kenako ipita ku chipatala cha Gulupu kukamva za malungo a amayi oyembekezera. Ikachoka kumeneko ilowa mu labotale kukaona zida zimene akatswiri a khemisitiri anapanga zogwirira mapuloteni amenewa. Pomaliza ibwera ku nkhani ya kolera.

KANYIMBO

Poyamba, shuga. Omvera asaganize za shuga wa ku Nchalo wothira mu tiyi, kapena za matenda a shuga. Uyu ndi wa mtundu wina, ndipo thupi limamupanga lokha.

Thupi la munthu linamangidwa ndi maselo, tizidutswa tamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Selo lililonse kunja kwake n'kokutidwa ndi timaunyolo ta shuga, tina tatifupi, tina tatitali, tina tanthambi. Mitundu ya shuga yomangira timaunyolo timeneti ilipo pafupifupi khumi basi, koma kalumikizidwe kake n'kosiyanasiyana kwambiri, moti selo la m'matumbo limavala mosiyana ndi la m'magazi, la m'magazi mosiyana ndi la mu ubongo.

Amene anaperekapo magazi, kapena anadikirirapo m'bale wake wofunika kuikidwa magazi, anakumana kale ndi shuga ameneyu. Anthu amati uyu ndi wa gulu A, uyu wa gulu B, uyu wa gulu O. Magulu amenewa anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna m'chaka cha 1901, koma panapita zaka pafupifupi 50 anthu asakudziwa chimene chimawasiyanitsa. M'zaka za m'ma 1950, asayansi awiri a ku London, Walter Morgan ndi Winifred Watkins, anaonetsa kuti kusiyana kwake ndi kashuga kamodzi kokhala kumapeto kwa unyolo. Wa gulu A ali ndi kashuga kake, wa gulu B ali ndi kena, wa gulu O alibe kowonjezera. Kashuga kamodzi kameneko n'kokwanira kuti magazi olakwika aphe wodwala.

Tsono pali mapuloteni amene ntchito yawo ndi kuzindikira shuga wotereyu ndi kumugwira. Asayansi amawatchula kuti ma lectin, dzina limene William Boyd anawapatsa mu 1954. Woyamba kudziwika anachokera mu mbewu imene agogo ambiri amaidziwa bwino: nsatsi. M'chaka cha 1888, Peter Hermann Stillmark, wophunzira pa yunivesite ya Dorpat, mzinda umene lero ndi Tartu m'dziko la Estonia, anasakaniza madzi a nthangala za nsatsi ndi magazi, n'kuona maselo ofiira akuundana. Puloteni imene inachita zimenezi anaitcha ricin, ndipo ndi poizoni woopsa. N'chifukwa chake mwana sayenera kutafuna nthangala za nsatsi. Poyenga mafuta a nsatsi, poizoniyu amatsalira m'zotsalira zake.

Nyemba zofiira nazo zili ndi lectin yake. Zikapanda kupsa bwino, puloteniyo imagwira shuga wa m'matumbo, munthu n'kuyamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Kubwatitsa kwambiri kumaiwononga. Amayi amene amaumirira kuti nyemba zibwate mpaka zifewe, ngakhale makala atakwera mtengo pa msika wa Chilobwe, akuteteza banja.

Mapuloteni ogwira shuga si a adani okha. Thupi la munthu lili ndi ake ambirimbiri. Ena amathandiza maselo oyera a magazi kuima pamalo pamene pali bala. Ena amazindikira shuga wachilendo wa tizirombo n'kuitana chitetezo cha thupi. Koma tizirombo nato tinaphunzira njira yomweyo. Kachirombo ka fuluwenza, mwachitsanzo, kamagwira shuga wotchedwa sialic acid m'mphuno ndi pakhosi.

KANYIMBO

Tsopano ulendo wa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene odwala ochokera ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre amatumizidwa matenda akakula.

Anamwino ndi madokotala a mu Africa anadziwa kalekale chinthu china chodabwitsa. Mtsikana amene anakulira m'dera la malungo amafika pokhala ndi chitetezo ndithu, sadwalanso pafupipafupi ngati mwana. Koma akangotenga mimba yoyamba, malungo amamubwerera mwamphamvu. Magazi amachepa, mwana amabadwa wochepa sikelo. Pa mimba yachiwiri vutoli limachepako, pa yachitatu limachepanso. Chifukwa chake chinali chiyani?

Yankho linayamba kuoneka mu 1995, pamene Stephen Rogerson ndi anzake ku Melbourne, m'dziko la Australia, anapeza kuti maselo ena ofiira okhala ndi tizirombo ta malungo amamata pa unyolo wautali wa shuga wotchedwa chondroitin sulfate A. Dzinali n'lovuta kulitchula, choncho asayansi amangoti CSA. Chaka chotsatira, Michal Fried ndi Patrick Duffy, akugwira ntchito kumadzulo kwa Kenya, anaonetsa kuti shuga ameneyu ndi amene amagwira magazi odwalawo mu nsengwa.

Apa m'pamene Blantyre analowa m'nkhaniyi. Rogerson anabwera kudzagwira ntchito kuno, pamodzi ndi James Beeson, Malcolm Molyneux ndi Amalawi ogwira ntchito m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi mu labotale, pansi pa mgwirizano wa College of Medicine ndi Wellcome Trust. Amayi amene anabwera kudzachira ku Gulupu anavomera kuti nsengwa zawo ziyezedwe. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 1999 zinaonetsa kuti tizirombo tochokera mu nsengwa timamata pa CSA, pamene tochokera mwa ana odwala malungo nthawi zambiri timamata pa chinthu china. Ndiye kuti malungo a pa mimba ali ndi kagwiridwe kakekake. Thupi la mayi wa mimba yoyamba silinakumanepo ndi kagwiridwe kameneka, choncho lilibe chitetezo. Pa mimba zotsatira limakhala litaphunzira.

Shuga anali atadziwika. Nanga puloteni imene imamugwira inali iti? Funso limeneli linavutitsa akatswiri kwa zaka. Kachirombo ka malungo kali ndi mapuloteni ofanana a banja limodzi pafupifupi 60, ndipo kamasinthasintha imene kaika kunja kwa selo. Mapuloteni ena anayamba aganiziridwa, kenako n'kupezeka kuti si amenewo. Mu 2003, Ali Salanti ndi anzake ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, analoza puloteni yeniyeni, imene lero imatchedwa VAR2CSA. Anaipeza posankha tizirombo tomata pa CSA n'kufufuza kuti ndi malangizo ati a m'kati mwa kachiromboko amene akugwira ntchito kwambiri.

Kuchokera 1995 kufika 2003 ndi zaka 8. Zaka 8 pakati pa kudziwa shuga ndi kudziwa puloteni yomugwira. Puloteniyo itangodziwika, ntchito yopanga katemera inayamba, ndipo akatemera awiri, PAMVAC ndi PRIMVAC, anayesedwa koyamba pa anthu ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Africa. Sanafike m'zipatala, akadali pa kafukufuku. Pakadali pano chitetezo cha mayi woyembekezera ndi kugona m'neti, kuyamba sikelo msanga, ndi kumwa mankhwala a Fansidar amene amaperekedwa kusikeloko, njira imene Malawi anayamba kuitsata mu 1993, mayiko ena a mu Africa asanayambe.

Omvera aganizire pang'ono. Chikanakhalapo chida chogwira puloteni pa nthawi imene ikugwira shuga, zaka zingati zikanapulumuka?

KANYIMBO

Kwa amene angotsegula kumene wailesi, nkhani ya lero ndi ya mapuloteni ogwira shuga, amene tizirombo timagwiritsa ntchito pomata m'thupi, ndi mmene asayansi amawagwirira kuti awadziwe. Tsopano pulogalamu yafika mu labotale.

Vuto lalikulu ndi lakuti puloteni ndi shuga sizigwirana mwamphamvu. Zimagwirana kanthawi kochepa kwambiri, n'kutayana, n'kugwirananso. M'thupi mphamvu yake imachokera m'kuchuluka: mapuloteni ambiri akagwira shuga wambiri nthawi imodzi, selo limamata ndithu. Koma wasayansi akaphwanya maselo ndi kuwatsuka kuti aone chimene chinagwira chinzake, zonse zimakhala zitatayana kale. M'madzi a selo limodzi muli mapuloteni a mitundu zikwi zambiri. Wolakwayo wangosakanikirana ndi osalakwa.

Akatswiri a khemisitiri anathetsa vutoli monga amachitira msodzi wa ku Mangochi. Msodzi saona nsomba pansi pa madzi. Amatenga nyambo imene nsomba yofunidwayo imakonda, amaibaya ku mbedza, mbedzayo n'kuimangirira ku chingwe. Chida cha asayansi nacho chili ndi mbali zitatu zomwezo: nyambo, mbedza ndi chingwe. Chonsecho n'chaching'ono kuposa puloteni imene chikukagwira.

Nyambo ndi shuga. Katswiri amapanga mu labotale shuga wofanana ndendende ndi amene ali pa selo. Ntchito imeneyi ndi yovuta, imatha kutenga miyezi, chifukwa kashuga kalikonse kali ndi malo angapo olumikizira, ndipo kungolumikiza polakwika puloteni siikhudza n'komwe. Nthawi zina amaika timashuga tingapo pa chida chimodzi kuti puloteni ikhalitseko pang'ono.

Mbedza ndi imene ili yodabwitsa. Ndi kachidutswa ka mankhwala kamene kamangokhala phee mu mdima, osagwira kanthu. Kakangowalitsidwa ndi nyali ya UV, kamadzuka n'kumamatira chilichonse chimene chili pafupi nacho, kumamatira kosamasukanso. Nzeru imeneyi inayambira ku yunivesite ya Harvard mu 1962, mu labotale ya Frank Westheimer. Mbedza imene ambiri amakonda masiku ano imatchedwa diazirine. Ndi kamkombero ka maatomu atatu okha. Kuwala kukakamenya, maatomu awiri amachoka ngati mpweya wa nayitirojeni, lotsalalo limakhala ndi njala yogwira, ndipo limagwira mwachangu kwambiri moti puloteni imene inali pa nyambo siipeza mpata wothawa.

Chingwe ndi chokokera. Nthawi zambiri amagwiritsa ntchito biotin, amene ndi mmodzi mwa mavitamini a gulu la B. Pali puloteni ina yotchedwa streptavidin, yofanana ndi ina yopezeka m'choyera cha dzira, imene imagwira biotin mwamphamvu zedi. Asayansi amamata streptavidin pa timikanda ting'onoting'ono, ndipo timikandato timakoka chilichonse chimene chili ndi biotin. Nthawi zina m'malo mwa biotin amaikapo utoto wowala, kuti poyang'ana pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono aone pamene puloteniyo ili pa selo.

Ntchito yake imayenda chonchi. Wasayansi amathira chidacho pa maselo amoyo, kapena m'madzi a maselo ophwanyidwa, mu chipinda cha mdima. Amadikira kuti mapuloteni okonda shuga ameneyo abwere pa nyambo. Kenako amayatsa nyali ya UV. Mbedza yakola. Tsopano atha kuphwanya, kutsuka ndi sopo wamphamvu, kugwedeza mmene angafunire, puloteni siichokanso. Amathira timikanda tija, amakoka, zosafunika zonse amataya.

Chatsala ndi kudziwa dzina la chimene chakodwa. Puloteniyo amaidula m'tizidutswa pogwiritsa ntchito trypsin, yomwe imagaya nyama m'matumbo a munthu. Tizidutswato amatilowetsa m'makina otchedwa mass spectrometer, amene amayeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse molondola kwambiri. Kompyuta imayerekeza kulemerako ndi mndandanda wa mapuloteni onse odziwika, n'kutchula dzina.

Wina afunsa kuti, nanga mbedza ikakola puloteni imene imangodutsa? Zimenezi zimachitikadi, ndipo wasayansi wosamala amazitchingira. Amabwereza ntchito yonse kachiwiri, koma ulendo uno amayamba wathira shuga wambiri wopanda mbedza. Mapuloteni okondadi shuga ameneyo amatanganidwa naye, safikanso pa nyambo. Ndiye puloteni imene inakodwa ulendo woyamba koma yasowa ulendo wachiwiri ndiyo yeniyeni. Imene yapezeka maulendo onse awiri inangokodwa mwangozi.

Panali vuto linanso. Biotin ndi utoto wowala ndi zinthu zazikulu poyerekeza ndi kashuga, moti nthawi zina puloteni imakana nyambo yolemera choncho. Njira yothetsera zimenezi inabweretsa mphoto ya Nobel ya khemisitiri ya chaka cha 2022 kwa anthu atatu: Carolyn Bertozzi, Morten Meldal ndi Barry Sharpless. Iwo anakonza tizidutswa tiwiri ta mankhwala timene timalumikizana tokhatokha tikakumana, osakhudza china chilichonse cha m'selo. Njirayi imatchedwa click chemistry. Tsopano nyambo imapita ndi kakolowekero kakang'ono chabe, ndipo chingwe chimamangiriridwa pambuyo, puloteni itakodwa kale.

Mayi Bertozzi anapitirira pamenepo. Anadyetsa maselo amoyo shuga wokhala ndi kakolowekero kameneka. Maselowo sanazindikire kusiyana, anatenga shugayo n'kumumangira m'timaunyolo tawo takunja. Mu 2008 gulu lawo linaonetsa shuga akuwala pa tiana ta nsomba yotchedwa zebrafish pamene tinali kukula. Selo lenilenilo linasanduka lopanga nyambo.

Ndipo shuga uja wa mu nsengwa sanaiwalike. Mu 2020, gulu la Linda Hsieh-Wilson ku Caltech, m'chigawo cha California, linafalitsa zida za mtundu umenewu zopangidwa ndi chondroitin sulfate, n'kugwira nazo mapuloteni a m'maselo a ubongo amene amasankha kapangidwe kenakake ka shuga ameneyu.

KANYIMBO

Gawo lomaliza ndi la kolera, ndipo anthu a ku Blantyre sanaiwale. Mliri umene unayambira ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 unafalikira m'maboma onse a dziko lino, n'kupha anthu opitirira 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsikira pa nyumba za ku Chilobwe, anthu ambiri anataya miyoyo. Otsala anasonkhana m'misasa, mipope itaduka, zimbudzi zitakokoloka, ndipo pamwamba pa chisoni panali mantha a kolera.

Kachirombo ka kolera sikalowa m'magazi. Kamakhala m'matumbo n'kumatulutsa poizoni. Amene anaonetsa zimenezi ndi dokotala wa ku Kolkata, m'dziko la India, Sambhu Nath De, mu 1959. Anasefa madzi amene tizirombo tinakuliramo, kuchotsa tizirombo tonse, n'kuthira madzi okhawo m'matumbo a akalulu. Matumbowo anadzaza madzi.

Poizoniyu ndi puloteni ya mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi yowononga: ikalowa m'selo la m'matumbo, imalichititsa kutulutsa mchere ndi madzi mosalekeza. Mbali inayo ndi yogwirira, ndipo ili ndi tizigawo tisanu, kalikonse kogwira shuga. Popanda kugwira, mbali yowonongayo singalowe.

Mu 1973 asayansi angapo, kuphatikizapo Jan Holmgren wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, anapeza kuti poizoniyu amagwira mwamphamvu shuga wina womangiriridwa ku mafuta a pa khungu la selo, wotchedwa GM1. Kwa zaka zoposa 40 mabuku ankaphunzitsa kuti khomo la kolera ndi limeneli. Koma panali chinthu chimodzi chosakhalitsa mtima pansi: m'matumbo a munthu GM1 ndi wochepa kwambiri.

Jennifer Kohler, katswiri wa khemisitiri pa University of Texas Southwestern ku Dallas, anaganiza zofunsa maselo a munthu enieniwo. Gulu lake linatenga maselo a m'matumbo a munthu okulira mu labotale, n'kuwadyetsa shuga wokhala ndi mbedza ija ya diazirine. Maselowo anamangira shugayo kunja kwawo. Kenako anathirapo mbali yogwirira ya poizoni wa kolera, n'kuyatsa nyali ya UV. Atakoka, anapeza poizoni atakodwa pa timaunyolo ta shuga tomangiriridwa ku mapuloteni a selo, osati ku mafuta monga ankayembekezera. Atafufuza mozama anapeza kuti kashuga kofunika kwambiri pa kugwira kumeneku ndi kotchedwa fucose. Ataletsa maselo kupanga shuga wa fucose, poizoni anachepa mphamvu yomata. Zimenezi anazifalitsa mu 2015 pamodzi ndi gulu la Ulf Yrlid la ku Gothenburg. Patapita zaka zitatu, magulu omwewa anaonetsa kuti mbewa zopanda GM1 zimatsekulabe m'mimba zikapatsidwa poizoniyu.

GM1 sanachotsedwe m'mabuku, akadali shuga amene poizoni amamugwira mwamphamvu kuposa onse. Koma mbedza ya kuwala inaonetsa khomo lachiwiri limene linabisika zaka zonsezo. Ndipo fucose ndi gawo la shuga uja wa magulu a magazi. Kafukufuku wa ku Bangladesh anaonetsa kale kuti anthu a gulu O akadwala kolera amadwalika kwambiri kuposa ena. Izi sizikutanthauza kuti a magulu ena ndi otetezeka. Kolera amagwira aliyense amene wamwa madzi kapena kudya chakudya chokhala ndi tizirombo.

Phindu la kudziwa zonsezi n'lotani? Poizoni atha kupusitsidwa. Ngati m'matumbo muli shuga woyandama wofanana ndi wa pa selo, poizoni amagwira ameneyo n'kutuluka naye. Mu labotale, zinthu zokhala ndi fucose zaonetsa kuti zimatchinga poizoni wa kolera kumata pa maselo. Mankhwala otere sanafike m'zipatala, koma chilengedwe chinayamba kale kugwiritsa ntchito njirayi. Mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu yambiri ya shuga imene mwana sagaya, yambiri yokhala ndi fucose. Shugayu amadyetsa tizirombo tabwino ta m'matumbo a mwana, komanso amakola tizirombo toipa tisanamate. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene achipatala amalimbikitsira kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi yoyamba.

Palinso puloteni ina yogwira shuga imene yapulumutsa anthu ambiri ku Chilobwe, ngakhale sakuidziwa dzina. Ili pa khoma la matumbo, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa shuga wa glucose pamodzi ndi mchere, madzi n'kumatsatira. Robert Crane ndiye anafotokoza kagwiridwe ntchito kake mu 1960. Poizoni wa kolera saiwononga puloteni imeneyi. Pamenepa m'pamene pagona mphamvu ya Thanzi ORS: mchere ndi shuga woyezedwa bwino, wosungunulidwa m'madzi aukhondo, amabwezeretsa madzi m'thupi ngakhale wodwala akutsekulabe. Wodwala ayambe kumwa nthawi yomweyo, ndipo apitirize kumwa ali pa njira yothamangira kuchipatala.

KANYIMBO

Mfundo ya lero ibwerezedwe komaliza. Maselo a munthu anakutidwa ndi shuga. Tizirombo ndi poizoni zili ndi mapuloteni ogwira shuga ameneyo. Kugwirako n'kofooka ndi kosakhalitsa, choncho asayansi amapanga chida cha nyambo, mbedza ndi chingwe kuti agwire puloteniyo ndi kuidziwa dzina. Ikadziwika, ntchito yopanga katemera kapena mankhwala oitsekereza imakhala ndi poyambira.

Nthawi isanathe, nawa mafunso awiri oti mukambirane pakhomo madzulo ano.

Loyamba likupita kwa makolo. Zimene dziko lonse likudziwa lero za malungo a pa mimba zinachokera, mwa zina, kwa amayi a ku Blantyre amene analola kuti nsengwa zawo ziyezedwe. Ofufuza akapempha magazi, malovu kapena chimbudzi cha mwana, kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti akufuna kuyeza chiyani, zikasungidwa kuti, ndipo zotsatira zake anthu adzazimva bwanji. Lili ndi ufulu wovomera, lilinso ndi ufulu wokana popanda kumanidwa chithandizo. Kodi inu mutapemphedwa, mungafunse mafunso ati musanayankhe?

Lachiwiri likupita kwa ophunzira a kusekondale amene akulimbana ndi khemisitiri ndi bayoloje, ndi kwa aphunzitsi awo. Zida zimene zatchulidwa lero zinapangidwa ku Harvard, ku Dallas ndi ku California, pamene odwala kolera ndi malungo ali ku Chilobwe, ku Nsanje ndi ku Mangochi. Dziko lino lili ndi Kamuzu University of Health Sciences ndi MUBAS mu Blantyre momwemuno, University of Malawi ku Zomba, ndi MUST ku Thyolo. Kodi pakufunika chiyani kuti mtsikana kapena mnyamata wa ku Chilobwe adzapange yekha nyambo yoyezera matenda a kwawo, mu labotale ya kuno? Aphunzitsi, makolo ndi atsogoleri angachitepo mbali iti?

Kambiranani, ndipo maganizo anu mutumize kuno ku wailesi kuti ena awamve mu pulogalamu yotsatira.